Zimene ofufuza anapeza pa ana athu, ndi zimene boma linatolapo

Nkhani yokambidwa kwa alezi, makolo, aphunzitsi ndi mafumu ku Lirangwe, m'boma la Blantyre

  

Ambiri timaona ngati kafukufuku ndi wa anthu a ku yunivesite, ndipo sakhudza mlezi amene akukoleza moto wa phala m'mamawa. Koma taganizani: anati mlezi aphunzitsidwe masabata awiri ndani? Anati pasukulu ya mkombaphala pakhale munda, komiti ya makolo, ndi ngodya zoseweretsa ana ndani? Zimenezi sizinagwe kumwamba. Pali anthu amene anayeza ana, kuwerenga, kuyerekeza, nalemba. Kenako boma ndi mabungwe anatolamo zimene anatola. Lero ndikufuna tione zimene anapezazo, ndi zimene zinatsala panjira pochokera ku lipoti kufika pansi pa mtengo pamene inu mumasonkhanitsa ana. Ndinene poyambirira pomwe kuti m'maganizo mwanga, zimene zinatoledwa msanga ndi zogula kamodzi, monga mabokosi a zidole ndi maphunziro a masiku owerengeka. Zofuna ndalama ndi khama mwezi ndi mwezi ndi zimene zikutsalira, chonsecho ofufuza akuti mphamvu ili kumeneko.

Sukulu za ana aang'ono zinayambira m'tauni, makamaka mu Blantyre momwemu, m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1970 munabadwa bungwe loziyang'anira. Zinali za ana a anthu apantchito. Kumudzi zinafika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene boma ndi UNICEF anayesa malo osamalirako ana oyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi ku Mzimba, Salima ndi Chikwawa. Edzi itachulukitsa ana amasiye m'zaka za m'ma 1990, malo amenewa anafalikira ponseponse, ambiri m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'zisakasa. Ndondomeko yoyamba ya boma ya mmera mpoyamba inatuluka mu 2003, ndipo ina yokonzedwanso inatuluka mu 2017. A Alister Munthali ndi anzawo a ku Centre for Social Research ku Zomba atayenda m'dziko lonse kuwerenga, lipoti lawo la 2008 linapeza sukulu zotere 5,665, zosunga ana oposa 400,000, ndipo alezi ambiri anali asanaphunzitsidwepo.

Nanga n'chiyani chinachititsa kuti maboma ndi mabanki, amene kale ankangoganiza za pulayimale ndi sekondale, ayambe kuyang'ana mwana wa zaka zitatu? Nkhani imodzi imene inatembenuza mitu ya anthu inachokera ku Kingston, m'dziko la Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, a Sally Grantham-McGregor ndi anzawo anasankha ana 129 opinimbira, a miyezi 9 mpaka 24. Ena ankalandira mkaka wowonjezera. Ena ankayenderedwa ndi mlangizi wa zaumoyo kamodzi pasabata kwa zaka ziwiri, ndipo ntchito ya mlangiziyo inali kuonetsa mayi kusewera ndi kucheza ndi mwana wake, pogwiritsa ntchito zidole zopanga ndi mabotolo otha ntchito ndi tinsalu. Patapita zaka 20 anawafunafuna anawo, atakula. Amene ankayenderedwa aja ankapeza ndalama zoposa anzawo: pamene mnzawo wapeza K100, iwo K125. Mkaka uja sunasiye kusiyana kotere. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2014, ndipo pofika nthawiyo magazini ya zaumoyo ya The Lancet inali itanena kale, mu 2007, kuti ana oposa 200 miliyoni osakwana zaka zisanu m'mayiko osauka sakukula m'nzeru mmene akanakulira. Ndalama zambiri za mmera mpoyamba zimene mwaziona zikubwera ndi mabungwe zinatsegulidwa ndi malipoti ngati amenewa.

Komatu za kunja sizilowa momwemo kwathu kuno. Ku Ecuador, ofufuza anapatsa makanda dzira limodzi patsiku kwa miyezi 6, ndipo kupinimbira kunatsika pafupifupi ndi theka. Dziko lonse linati mankhwala apezeka. Mu 2018 anabwereza zomwezo ku Lungwena ndi Malindi m'boma la Mangochi, pa ana 660, mogwirizana ndi a Kenneth Maleta a ku College of Medicine. Msinkhu wa ana odya dzira sunasiyane ndi wa anzawo. Chimodzi chimene ofufuzawo anaona n'chakuti ana a kunyanja ambiri amadya kale nsomba, pamene a kumapiri a Ecuador ndiwo zankhuli sankaziona kawirikawiri. Musamve ngati ndati lekani kupatsa ana mazira. Kuno ku Lirangwe, kumene usipa timachita kugula pamsika mulu wochepa pamtengo wokwera, dzira ndi chakudya chamtengo wapatali kwa mwana. Ndikungoti boma likanathamangira kugawa mazira dziko lonse chifukwa cha lipoti la ku Ecuador, likanawononga ndalama zambiri lisanadziwe kuti kupinimbira kwa ana athu kuli ndi miyendo yambiri: malungo, kutsegula m'mimba, madzi, ndi thanzi la mayi ali woyembekezera. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira.

Ngakhale muyeso woyezera nzeru za mwana unafunika kuumbidwa konkuno. Madokotala ankagwiritsa ntchito muyeso wa ku America wotchedwa Denver, umene mwa zina umafunsa ngati mwana amatha kudzikonzera chakudya cham'mawa cha m'paketi chothira mkaka, kapena kusewera makadi. Mwana wa kwathu kuno amene amatha kubereka mng'ono wake, kukusa mbuzi, kugwada popereka madzi kwa mlendo ndi kutumidwa kukagula mchere osaiwala chenji, pamuyeso umenewo ankaoneka wotsalira. A Melissa Gladstone ndi anzawo a ku College of Medicine mu Blantyre anakhala pansi ndi makolo a m'midzi kufunsa kuti mwana wakhanda, wokwawa, woyenda, wothamanga, amayembekezereka kuchita zotani. Anayesa ana 1,426 a m'midzi ya chigawo chino cha kummwera, ndipo mu 2010 anatulutsa muyeso wa MDAT, wa zinthu 136 zoona mmene mwana akuyendera, akugwirira zinthu ndi zala, akuyankhulira, ndiponso mmene akukhalira ndi anthu. Woyeza amabwera ndi dengu la tizinthu timene mwana wa kumudzi amatidziwa. Lero muyesowu ukugwiritsidwa ntchito m'mayiko ena ambiri. Nthawi ino nzeru zinachokera kuno kupita kunja.

Tsopano ndifike pa kafukufuku amene ndikufuna mlezi aliyense amudziwe, chifukwa anachitikira m'sukulu zofanana ndi zanu. Kuyambira mu 2011, boma ndi banki yaikulu ya World Bank anasankha maboma anayi: Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo. Asanayambe n'komwe anakumana ndi chodabwitsa. Atatenga kaundula wa sukulu za mkombaphala ndi kukaziyendera, pafupifupi theka anazipeza zotseka. Pakaundula zilipo, pamalo palibe mwana. A Foster Kholowa a ku Chancellor College ndi anzawo analemba za zimenezi mu 2014, ndipo zifukwa zake inu mukuzidziwa kuposa ine: ufa watha, denga likudontha, mlezi wapita kuganyu.

Mwa zimene zinali zotsegula anatenga 199, ndi ana oposa 2,000, n'kuzigawa m'magulu anayi mwa maere, kuti pasakhale wonena kuti zabwino anazisankhira dala. Zonse zinalandira bokosi la zidole ndi zipangizo. Gulu loyamba linathera pa bokosipo. Lachiwiri, alezi ake anaphunzitsidwa masabata asanu, ogonera komweko, n'kumayenderedwa ndi owalangiza. Lachitatu, maphunziro omwewo kuonjezapo kandalama kapamwezi kwa miyezi ingapo. Lachinayi, maphunziro omwewo kuonjezapo misonkhano 12 ya makolo, kumene mayi kapena agogo amabwera ndi mwana kudzaphunzira kucheza naye, kumufunsa mafunso, kumuonetsa zithunzi, kusewera naye kunyumba.

Patapita miyezi 18 anabwerera. M'magulu onse atatu a alezi ophunzitsidwa, m'kalasi munali mutasintha: ana akugawidwa m'timagulu, akugwira zinthu, osati kungokhala pamphasa n'kumabwereza zonena mlezi. Koma atayeza anawo, okhawo a gulu lachinayi, amene makolo awo ankabwera kumisonkhano, ndi amene anaposa anzawo pa chiyankhulo ndi pa khalidwe lokhala bwino ndi ena. Kuphunzitsa mlezi kokha kunakongoletsa kalasi koma sikunaonekere mwa mwana.

Alezi, zimenezi zisakukhumudwitseni, n'zomveka. Mwana mumakhala naye maola atatu kapena anayi, muli awiri pa ana makumimakumi. Maola ena onse ali ndi amake, agogo ake, achemwali ake. Taonani mayi akusenda nandolo pakhonde, mwana ali pambali. Mayi wina amagwira ntchito yake chete, mwana akafunsa kanthu amati, "Iwe, usandisokose." Mayi wina pa ntchito yomweyo amati, "Tandipatsa makoko atatu. Awa ndi angati? Nanga ndikachotsa limodzi? Iyi yafiira bwanji, inzake yobiriwira? Ukuganiza kuti kachilombo aka kalowa bwanji muno?" Palibe wawononga tambala, ndipo nandolo zasendedwa chimodzimodzi. Koma mwana wachiwiriyu wamva mawu ambiri, wawerenga, wafunsidwa maganizo ake ndipo wayankhidwa. Zimene misonkhano 12 ija inkaphunzitsa ndi zimenezi. Nthano zamadzulo, ndagi, masanje, kuumba ng'ombe zadothi, ndi sukulu imene makolo athu anali nayo kale, ndipo taisiya pang'onopang'ono chifukwa cha kutopa, mafoni ndi mavidiyo apamsika.

Pano ndipatukeko pang'ono. Makolo ambiri timayeza sukulu ya mkombaphala ndi Chingerezi. Mwana akabwera akulakatula miyezi ya pachaka kuyambira January mpaka December, timaitana aneba kuti adzamve. Mufunseni kuti mwezi uno ndi uti, kapena mvula imayamba mwezi wanji, ayang'ana pansi. Alezi ena amaloweza ana chonchi osati chifukwa chosadziwa, koma chifukwa akapanda kutero makolo amati kusukuluko ana akungosewera. Mwana amene amatha kufotokoza m'Chichewa chomveka zimene anaona popita kuchigayo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ali pafupi ndi kuwerenga kuposa woloweza mawu amene sakuwamva.

Kafukufuku uja sanathere pa miyezi 18. Anabwereranso patapita miyezi 36, ana aja ambiri ali ku pulayimale. Kusiyana konse kunali kutafufutika. Ana a gulu lachinayi anali chimodzimodzi ndi a gulu la bokosi lokha. A Berk Özler, a Lia Fernald ndi anzawo analemba zimenezi poyera mu 2018, osabisa.

Ena akamva izi amati ndiye kuti mkombaphala n'kutaya nthawi. Ine sindikuona choncho. Mbande mukaisamalira bwino panazale, n'kukaiwokera pouma popanda wothirira, singasiyane ndi inzake imene simunaisamale, ndipo wolakwa si nazale. Kuyambira 1994, pamene pulayimale inakhala yaulere ndipo ophunzira anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, Sitandade 1 yakhala kalasi yothithikana kuposa ina iliyonse. Mphunzitsi mmodzi, ana oposa 100, ena pansi pa mtengo, buku limodzi ogwirira atatu. Mwana amene anazolowera kufunsa mafunso amaphunzira kukhala chete. Pamene anayeza kawerengedwe ka ana mu 2010, oposa 7 pa ana 10 alionse a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani ka Chichewa, ndipo zotsatira ngati zimenezi ndi zimene zinabala pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016. Misonkhano ya makolo ija nayonso inali 12 basi. Itatha, panalibe woipitiriza.

Za kandalama ka alezi, ena amatenga kafukufukuyu ngati umboni woti kulipira alezi kulibe phindu, poti ana a gulu lachitatu sanapose anzawo. Kumeneko n'kuwerenga mokhota. Kandalamako kanali kochepa ndiponso ka miyezi yowerengeka. Palibe amene anayesa malipiro enieni. Umboni wokhudza malipiro uli pa theka la sukulu zotseka lija. Mlezi wophunzitsidwa masabata asanu akapita kukagulitsa tomato ku Lunzu kapena kukafuna ntchito ku Limbe chifukwa kunyumba kulibe sopo, maphunziro aja amapita naye, ndipo bungwe lina limabwera kudzaphunzitsa wina kuyambira pachiyambi. Boma layamba kupereka kangachepe kwa alezi ena, ndipo tiyamike, koma olandirawo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi onse amene akugwira ntchitoyi mongodzipereka.

Pa nkhani ya phala, yankho labwino linachokera ku Zomba. Kuyambira kumapeto kwa 2015, bungwe la Save the Children ndi ofufuza a IFPRI, motsogozedwa ndi a Aulo Gelli, anatenga sukulu za mkombaphala 60. Theka la izo analiphunzitsa ulimi ndi kaphikidwe: mbewu za soya, mtedza, nandolo, khobwe, mbatata yofiira m'kati, bonongwe, ndi anapiye oti aziweta. Munda wa sukulu unakhala pophunzirira, makolo ankasinthana kuphika, ndipo maphikidwewo anapita nawo kunyumba. Chinali chaka cha njala, ngati mukukumbukira 2016. Patatha chaka, ana a m'sukuluzo ankadya zakudya zamagulu ambiri kuposa anzawo, ngakhale msinkhu wawo sunasinthe. Amene anapindula mosayembekezereka ndi ang'ono awo a miyezi 6 mpaka 24, amene sankapita n'komwe kusukuluko: pa ana 100 alionse, opinimbira anachepa ndi 17 poyerekeza ndi midzi inayo. Zimene mayi anaphunzira pophikira mkulu zinathandiza wakumsana.

Apa boma linamva. Mu Disembala 2018 World Bank inavomereza madola 60 miliyoni a ntchito ya ana aang'ono m'maboma 13, ndipo m'kati mwake munalowa zonse ziwiri: chakudya cholimidwa ndi anthu eni ake pasukulu, ndi kuphunzitsa makolo. Choncho si zoona kuti malipoti onse amangodyedwa ndi chiswe m'maofesi. Vuto n'lakuti zimabwera ngati pulojekiti, ya maboma osankhidwa ndi zaka zowerengeka, pamene mwana wa zaka zitatu amapezeka chaka chilichonse m'mudzi uliwonse.

Ndipo za ku Zomba nazonso tizitenge ndi maso. Dera lathu lino, kutsikira ku Zalewa ndi ku Shire, n'louma ndi lotentha. Chimanga chimatikana kawirikawiri, ndipo Namondwe Freddy mu 2023 ndi ng'amba ya 2024 zinatisiya m'manja muli mbee. Munda wa sukulu wodalira chimanga chokha kuno utseketsa sukulu mu Januwale. Nandolo, khobwe, mapira, mbatata ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Lirangwe ndi zimene zingasunge mphika pamoto mpaka Malichi. Mafumu, malo a munda umenewo ali m'manja mwanu, ndipo mudzi umene mfumu imafika pasukulu ya mkombaphala anthu ake sazemba kusonkha ufa. A Mary's Meals, amene anayambira ntchito yawo mu Blantyre mu 2002 ndi ana 200, atithandiza kwambiri ndi likuni phala, koma sangafike pachisakasa chilichonse.

Pali kafukufuku wina amene simufunika kudikira mlendo kuti adzakuchitireni. Kope ndi cholembera n'zokwanira. Tsiku lililonse mlezi alembe: tatsegula kapena ayi, ana abwera angati, phala linalipo kapena ayi, ndipo ngati tatseka, chifukwa chiyani. Pakutha pa chaka komiti ikhale pansi iwerenge. Mudzaona nokha mwezi umene ana amathawa, ndipo mukapita ku komiti ya chitukuko ya dera kapena kwa a zachisamaliro cha anthu ku boma, simudzanena kuti "tikuvutika" chabe. Mudzanena kuti chaka chatha tinatseka masiku akutiakuti, ambiri chifukwa cha ufa, ena chifukwa cha denga. Wa mu ofesi amavutika kukana munthu wobwera ndi manambala. Ndipo ofufuza akabwera kudzayeza ana anu, monga amabwerera kawirikawiri kuno kufupi ndi Blantyre, alandireni, koma a mfumu afunse asanayambe kuti zotsatira adzabwera nazo liti, ndipo adzazifotokoza m'chiyankhulo chanji.

Misonkhano ya makolo musadikire bungwe. Kamodzi pamwezi, tsiku limene amayi abwera kudzaphika, pakhale ola limodzi loti mlezi aonetse sewero limodzi kapena nthano imodzi yoti akachite kunyumba. Abambo tisakhale alendo pamenepo. Mwana wofunsidwa mafunso ndi bambo ake popita kudimba amapindula mofanana. Alangizi a zaumoyo, patsiku la sikelo muli ndi amayi onse a makanda pamalo amodzi, ndipo a ku Jamaica aja anagwiritsa ntchito anthu a ntchito ngati yanu.

Chotsala ndi mpata uja wa pakati pa mkombaphala ndi Sitandade 1, pamene phindu linatayikira. Sukulu za mkombaphala zakhala pansi pa unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu, pulayimale ili pansi pa unduna wa zamaphunziro, ndipo m'midzi yambiri mlezi ndi mphunzitsi wa Sitandade 1 sanakhalepo pansi limodzi ngakhale amatunga pamjigo umodzi. Aphunzitsi aakulu amene muli pano, teremu yoyamba isanayambe itanani alezi a m'dera lanu abwere ndi makaundula awo. Mlezi amadziwa mwana amene samva bwino khutu limodzi, amene amachita chibwibwi, amene amakhala ndi agogo okha. Mphunzitsi wa ana 100 angathe chaka chonse asanazitulukire. Ndipo pogawa makalasi, Sitandade 1 ipatsidwe mphunzitsi waluso ndi chipinda chabwino, osati zotsala a Sitandade 8 atasankha.

Mwamvanso kuti unduna wa zamaphunziro wakonza zoti m'sukulu za pulayimale mukhale kalasi yokonzekera, ya chaka chimodzi mwana asanalowe Sitandade 1. Ganizoli likuchokera ku umboni womwewu, ndipo likhoza kutseka mpata uja. Likhozanso kungotsitsira mavuto a Sitandade 1 kwa ana a zaka zisanu, ngati kalasiyo idzakhale ya ana 100 oloweza pabolodi. Akuluakulu a zamaphunziro akadzabwera kudzakufotokozerani, muwafunse kuti mphunzitsi mmodzi adzakhala ndi ana angati, adzaphunzitsa m'chiyankhulo chanji, phala lidzachokera kuti, ana a zaka zitatu ndi zinayi adzatsala ndi yani, ndiponso alezi amene agwira ntchitoyi zaka zonsezi osalandira kanthu adzapatsidwa malo otani.